Ziboliboli zoyenda usiku kwa Kabudula

Chaka chatha tinasonkherana ndalama ya minibasi n'kupita ndi ana anga a Fomu 3 ku Mua, m'boma la Dedza. Kumeneko kuli Kungoni, malo a chikhalidwe ndi luso omwe adayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, wansembe wa ku Canada yemwe anthu adamupatsa mfunda wa Chisale. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare tinapeza nkhope za Gule Wamkulu mazanamazana zitakolekedwa, zili duu. Panja amisiri anali kalikiliki kusema ziboliboli.

Pobwerera, mnyamata wina anafunsa: "Aphunzitsi, ndiye talipira ndalama kudzaona zomwe tazisiya kwathu?" Anzake anafa ndi phwete. Ine ndinamudzudzula, koma funsolo linandikhala mumtima.

Mu Seputembala mnzanga anandiitana ku chiliza cha agogo ake kwa Kabudula. Ndinakwera kabaza pa Nsaru, n'kukafika tsitsi litafiira ndi fumbi. Titadya nsima, mwezi uli mbee, mbalule inayamba kulira. Amayi anandanda mbali imodzi ya bwalo akuyimba ndi kuomba m'manja, ana atakanirira zitenje zawo.

Kenaka kasiyamaliro anatulukira kuchokera kumsitu. Wamtali kuposa munthu, msana wopindika ngati bwato, kamutu kanyanga kutsogolo, thupi lonse likuyera ndi makoko a chimanga. Za kudambwe zili ndi eni ake, ine sindilowako. Ndingonena zomwe aliyense pabwalopo anaona: mizere ya makoko ija inali yolongosoka ngati nkhata ya dengu la mmisiri weniweni, ndipo chilombocho chikazungulira, mwezi unkathamanga pamsana pake ngati madzi. Masana sichikadaoneka choncho. Chidapangidwira mdima, fumbi ndi ng'oma.

Ku Ulaya ali ndi mwambo wotsegula nyumba zosungiramo zaluso usiku. Ku Berlin adayamba mu 1997, ndipo ku France usiku woterewu umachitika chaka ndi chaka kuyambira mu 2005. Kumeneko chiboliboli chimaima, anthu n'kumachizungulira. Kwa Kabudula ndife tinaima, icho chikutizungulira. Komanso mwambo ukatha zilombo zausikuzi zimatenthedwa, sipatsala chopachika pakhoma. N'chifukwa chake sindinganyoze ntchito ya ku Mua: popanda iyo, mwana wa ku Area 25 akadazionera kuti? Koma zomwe zili kumeneko ndi theka chabe la nkhani.

Ndisabise, ife aphunzitsi gule timamudandaula. Nyengo yake ikafika mabenchi ena amakhala opanda anthu, ndipo pamenepo sindibwerera m'mbuyo. Koma dandaulo lomwelo latichititsa khungu. UNESCO idalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, pomwe ana athu akuganizabe kuti luso losema ndi tinjovu togulitsa kwa azungu pafupi ndi positi ofesi ku Lilongwe.

Lolemba ndinauza kalasi yonse kuti aliyense abwere ndi chinthu chosemedwa m'mudzi mwawo, kupatula za kudambwe. Panabwera mithiko, zipande, kampando ndi mtondo waung'ono. Mnyamata wa funso uja anabwera ndi kasemasema wa agogo ake, mpini wake utasalala ndi thukuta, ndipo anakana kuti wina aliyense amugwire.