Ku Namaqualand, kumene madokotala amaitsekera njira khansa

Msewu wa N7 umachoka mumzinda wa Cape Town n'kulunjika kumpoto mtunda wa makilomita oposa 500 kukafika ku Springbok, m'chigawo cha Namaqualand ku South Africa. Dzikoli n'louma, lodzala ndi miyala, ndipo alimi ake amadalira nkhosa ndi mbuzi. Mvula ya m'nyengo yozizira ikagwa bwino, chipululu chonse chimachita maluwa mu Ogasiti ndi Seputembala.

Koma mabanja ena a kuno anasenza mtolo wolemera. Mibadwo ingapo, khansa ya m'matumbo akuluakulu inkapha abale awo asanakalambe. Akatswiri a pa yunivesite ya Cape Town anapeza kuti gwero lake ndi vuto lakumtundu lotchedwa Lynch syndrome. Kholo likakhala nalo, mwana aliyense akhoza kulitengera kapena ayi, ndipo mwayi wake ndi theka kwa theka.

Poona kutalika kwa mtunda, madokotala ndi anamwino a chipatala cha Groote Schuur anayamba kunyamula zipangizo zawo chaka ndi chaka kukaunika mabanjawa m'zipatala zing'onozing'ono za kwawo. Kuunikaku kumatchedwa colonoscopy. Munthu amamwa mankhwala otsuka m'mimba dzulo lake. Kenaka dokotala amalowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kudzera kotulukira chimbudzi, n'kuyang'ana matumbo onse akuluakulu, omwe kutalika kwake ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka. Akapeza tizotupa, amatichotsa pomwepo tisanasanduke khansa. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2009 anasonyeza kuti mwa anthu a vutoli, omwe ankaunikidwa ankakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa omwe sankaunikidwa.

A vuto la Lynch amaunikidwa chaka chilichonse kapena pa zaka ziwiri, kuyambira ali achinyamata. Kwa ena onse, mayiko ambiri omwe ali ndi ndondomekoyi amayamba munthu akafika zaka 45 kapena 50.

Inu alangizi ndi alimi, phunziro la ku Namaqualand n'lakuti mbiri ya banja ndi yofunika kuidziwa. Funsani akuluakulu matenda omwe anatenga abale anu. Mukaona magazi m'chimbudzi, kusintha kwa kachitidwe ka chimbudzi kwa masabata angapo, kapena kuwonda popanda chifukwa, musachite manyazi, pitani kuchipatala. Khansa imeneyi ikapezeka msanga, nthawi zambiri imachizika.