Pretoria: Mzinda Womangidwa pa Chiphalaphala ndi Akasupe

Basi yochokera ku Malawi kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge imalowa mu mzinda wa Pretoria kuchokera kumpoto. Chinthu choyamba chimene mlendo amaona ndi mzere wautali wa mapiri a Magaliesberg, umene wapingasa njira ngati linga. Kuseri kwake kuli chigwa, kenaka mzere wina wa zitunda pomwe pakhala nyumba zaboma za Union Buildings, zomwe zinatha kumangidwa mu 1913. Kupitirira pamenepo pali chigwa chinanso, ndipo m'menemo ndi momwe muli pakati pa mzindawu. M'mwezi wa Okutobala misewu yake imafiira ndi maluwa a jakaranda, ndipo ambiri amakumbukira Pretoria chifukwa cha maluwawo. Koma kwa mlimi kapena mlangizi wa zachitukuko, nkhani yaikulu ya mzindawu ili pansi pa nthaka.

Mizere ya zitunda ndi zigwazi inadza chifukwa cha mitundu ya miyala. Miyalayi inasanjikizana ngati mphasa, kenaka inapendekera chakumpoto. Yolimba inakana kukokoloka n'kukhala zitunda, yofewerapo inadyeka n'kusanduka zigwa. Pansi pa misika ndi maofesi a pakati pa mzindawu pali thanthwe lotchedwa Hekpoort, lomwe ndi chiphalaphala chamoto chimene chinatuluka m'nthaka n'kuuma zaka zoposa 2 biliyoni zapitazo. Kuchindikala kwake ndi mamita mazana angapo. Palibe phiri lophulika limene likuoneka lero, komabe anthu ogulitsa malonda pa Church Square amaponda pamwamba pa chiphalaphala tsiku ndi tsiku.

Mzindawu unakhazikitsidwa mu 1855 ndi Marthinus Pretorius, ndipo chimene chinakopa anthu kumanga pamalopa ndi madzi. Chakummwera kwa mzinda, ku Fountains Valley, kuli akasupe awiri omwe ndi gwero la mtsinje wa Apies. Madziwa amachokera m'mwala wa dolomite, umene umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi a mvula n'kupanga mapanga ndi ngalande pansi pa nthaka. Kalekale mwala wamoto unalowa m'ming'alu ya dolomite n'kuuma, ndipo unasanduka zipupa zokwiririka zimene zimagawa madziwo m'zigawo, monga momwe mizere imagawira madzi m'dimba la mpunga. Madzi akadzaza chigawo amasefukira pamalo otsika, ndipo pamenepo ndi pomwe pamabadwa kasupe. Akasupe awiriwa amatulutsa malita opitirira 40 miliyoni patsiku. Mu 1895 boma la Paul Kruger linateteza chigwachi, ndipo mpaka lero nkhalango ya Groenkloof ikadalipo.

Kwa zaka zambiri mzinda wonse unkamwa madzi a akasupewa, mpaka anthu atachuluka ndipo damu la Rietvlei linamangidwa m'zaka za m'ma 1930. Lero madzi ambiri a m'dera la Tshwane amachokera kutali, ku damu la Vaal, lomwe limathandizidwa ndi madzi a m'mapiri a dziko la Lesotho. Mwala wa dolomite ulinso ndi vuto lake. Ku Centurion, kummwera kwa Pretoria, nthaka imatha kugumukira pansi mwadzidzidzi n'kusiya dzenje pamsewu kapena pabwalo la nyumba, makamaka pomwe mapaipi akudontha kwa nthawi yaitali. Walira mvula walira matope: mwala womwe umapatsa madzi ndi womwewo umene umafuna kusamala pomanga.

Mtsinje wa Apies umatuluka woyera ku Fountains, koma ukamafika kumpoto umakhala utanyamula zonyansa za mzinda. Anthu a ku Hammanskraal anadandaula kwa zaka zambiri za madzi a m'mipopi yawo, pamene malo oyeretsera zam'chimbudzi a Rooiwal ankalephera ntchito. Mu 2023 kolera inapha anthu oposa 20 m'deralo. Amalawi sangaone nkhaniyi ngati yachilendo, popeza mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko lawo. Mtunda wa pakati pa kasupe woyera ndi mpopi wokayikitsa ndi wa ola limodzi lokha pagalimoto.

Pafupifupi makilomita 40 kumpoto kwa mzindawu kuli chidzenje cha Tswaing, dzina lomwe m'Chitswana limatanthauza malo a mchere. M'lifupi mwake ndi moposa kilomita imodzi, ndipo pansi pake pali kanyanja ka madzi amchere. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankatsutsana: ena ankati ndi kamwa la phiri lophulika, ena ankati ndi chipsera cha mwala wogwa kuchokera kumwamba. Mkanganowu unatha pomwe anaboola pansi pa dzenjelo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 n'kutulutsa miyala yake. Inasonyeza kuti mwala wochokera kumwamba ndiwo unagwa pamenepo zaka pafupifupi 220,000 zapitazo. Maonekedwe a pamtunda anasocheretsa anthu ophunzira, ndipo choonadi chinadziwika chifukwa cha miyala yotuluka m'chiboo.

Miyala yotereyi imasungidwa. Ku Silverton, kum'mawa kwa Pretoria, kuli likulu la bungwe la Council for Geoscience, lomwe linakhazikitsidwa mu 1993 kulowa m'malo mwa nthambi yakale ya boma yofufuza za miyala. Ku Donkerhoek bungweli lili ndi nkhokwe ya miyala yochokera m'zibowo zozama. Miyalayo ndi yobulungira ngati misinde ya nzimbe, yoikidwa m'mabokosi motsatira kuya kwake. Katswiri akaiyala pansi amatha kuwerenga kuti mchenga unathera pa mita yakuti, chiphalaphala chinayambira apa n'kuthera apo, ndipo mwala wosunga madzi uli pansi pake. Mmodzi mwa akatswiri otchuka amene anagwirapo ntchito yotere ndi Alex du Toit, yemwe m'zaka za m'ma 1920 ankathandiza nthambi ya boma ya ulimi wothirira kupeza madzi a pansi pa nthaka. Mu 1937 iye anasindikiza buku losonyeza kuti Africa, South America, India, Australia ndi Antarctica kale zinali dziko limodzi.

Kung'ambika kwa dziko lalikululo kunayamba ndi moto. Zaka pafupifupi 183 miliyoni zapitazo nthaka ya kummwera kwa Africa inang'ambika m'malo ambiri, ndipo chiphalaphala chakuda chinayenderera n'kukuta dera lalikulu, muyalo pamwamba pa muyalo. Akatswiri amachitcha chiphalaphala cha Karoo. M'mapiri a Lesotho chinaunjikana kuposa kilomita imodzi, ndipo damu la Katse, lomwe madzi ake amafika m'mipopi ya ku Gauteng, linamangidwa pa mwala umenewu. Mathithi a Victoria pa mtsinje wa Zambezi amagwera m'ming'alu ya mwala womwewu. Umapezekanso m'mapiri a Lebombo kumalire a Mozambique, ndiponso m'chigwa cha Shire cha ku Chikwawa, komwe mbali ina ya dothi lakuda la makande lomwe alimi a ku Ngabu amalimapo thonje inachokera ku kuwola kwake.

M'chipululu cha Kalahari mwalawu suoneka. Unakwiririka ndi mchenga, womwe pena ndi wa mamita ochepa, pena woposa mamita 100. M'madera ambiri a pakati pa dziko la Botswana, pansi pa mchengawo pali chiphalaphala, ndipo pansi pa chiphalaphalacho pali mwala wamchenga wotchedwa Ntane, umene ndi nkhokwe yaikulu ya madzi. Tauni ya Serowe ndi mgodi wa dayamondi wa Orapa zakhala zikudalira madzi a m'mwala umenewu. Chiphalaphalacho chimagwira ntchito ngati chivundikiro cha mtsuko: chimateteza madzi ku zonyansa, komanso chimachepetsa madzi a mvula olowa pansi, kotero kuti ambiri mwa madzi omwe akupopedwa lero anagwa zaka masauzande zapitazo ndipo sabwerera msanga.

Apa ndi pomwe kuchindikala kwa mwala kumasanduka nkhani ya ndalama. Chiphalaphalachi sichinayalidwe mofanana. Pena n'chopyapyala, pena ndi cha mamita mazana angapo, ndipo pena chinakokoloka chonse mchenga usanabwere. Ming'alu ikuluikulu inakweza zigawo zina n'kutsitsa zinzake, choncho zibowo ziwiri zoyandikana zikhoza kusiyana kwambiri kuya kwake. Woboola amalipiritsa pa mita iliyonse, ndipo mwala wolimba umadya mano a makina. Mudzi umene ndalama zake zathera pakati pa chiphalaphala umatsala ndi chiboo chouma, chonsecho madzi ali pansi pang'ono. Mwayi ndi woti mwalawu uli ndi timbewu tachitsulo tokoka maginito, motero ndege yonyamula zipangizo zoyezera imatha kuonetsa pomwe mwalawo uli ndi pomwe ming'alu yadutsa, ngakhale pansi pa mchenga. Akatswiri amaphatikiza zoyeza za ndegezo ndi zolembedwa za zibowo zakale kuti ajambule mapu a kuya kwake.

Dziko la Malawi si lachilendo pa ntchito imeneyi. Frank Dixey, yemwe ankatsogolera nthambi yofufuza za miyala ku Nyasaland, analemba buku lothandiza kupeza madzi mu 1931. Anthu ambiri akukumbukirabe ndege za kauniuni zomwe zinkauluka motsika, zimene zotsatira zake zinatulutsidwa mu 2015. Cholinga chachikulu chinali kufufuza miyala ya mtengo wapatali, koma ming'alu ndi zipupa za mwala wamoto zomwe mapuwo amaonetsa ndi zomwezo zimene wofuna madzi amasakasaka. Nthambi ya boma yoona za miyala ili ku Zomba. M'chigwa cha Shire vuto lalikulu si kuya kwa madzi koma mchere, ndipo mijigo ina ku Chikwawa ndi Nsanje inasiyidwa chifukwa madzi ake samweka. Kumadera ena madzi amathimbiriritsa mano a ana chifukwa cha mchere wa fluoride wochokera m'miyala. Zonsezi zimadalira mtundu wa mwala umene chiboo chadutsamo.

Phunziro la ku Donkerhoek likhoza kugwira ntchito ngakhale m'mudzi wopanda katswiri. Pamene makina akuboola, dothi ndi miyala zimatuluka motsatizana, ndipo woboola wodziwa ntchito amayala timilu ta zotulukazo pa mita iliyonse kapena iwiri. Komiti ya mjigo ili ndi ufulu wopempha chikalata chosonyeza kuya kwa chiboo, mitundu ya miyala, pomwe madzi anapezeka, kuchuluka kwake ndi zotsatira za kuyeza ukhondo wake. Pampu ya Afridev, yomwe ndi yofala m'midzi ya ku Malawi, imakoka madzi bwino mpaka pafupifupi mamita 45, choncho kudziwa pomwe madzi amaima m'chilimwe n'kofunika pampu isanagulidwe. Chiboo chouma nachonso chilembedwe ndi kuperekedwa ku ofesi ya zamadzi ya boma, chifukwa chimachenjeza woboola wotsatira. Zimbudzi ndi makola zikhale patali mamita osachepera 30 ndiponso kumunsi kwa mjigo.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Akasupe a ku Fountains akutumphukabe patatha zaka zoposa 160 chiyambire mzinda wa Pretoria, mwa zina chifukwa malo ozungulira anatetezedwa msanga ndipo miyala yake inafufuzidwa n'kulembedwa. Komiti yomwe imasunga chikalata cha mjigo wake pamodzi ndi kaundula wa zopereka za pamwezi ikuchita ntchito yomweyo, ndipo mudzi woyandikana nawo ukadzafuna kuboola udzakhala ndi poyambira.