Foni imadziwa njira, koma sidziwa mwini phanga

Kunja kuno kuli masewera amene ambiri a ife kuno ku Angonia sitinawamvepo, koma ayamba kufika m'midzi yathu kudzera mwa ana athu ogwira ntchito kutali. Dzina lake ndi geocaching. Munthu amatenga kabokosi, n'kuikamo kabuku, pensulo ndi tizidole, n'kukabisa m'tchire, m'phiri kapena mumzinda. Akatero amalemba pa intaneti manambala osonyeza malowo. Wina, woti sadziwana naye n'komwe, amaika manambalawo m'foni, foniyo n'kumamulondolera mpaka akapeze kabokosiko. Akakapeza amalemba dzina lake m'kabuku muja, ndipo akatengamo kanthu amasiyamonso kena. Mulibe ndalama, mulibe mphotho. Chimene amafuna ndi kukoma kwa kupeza basi.

Masewerawa anayambira ku America m'chaka cha 2000. Kale boma la kumeneko linkasokoneza dala makina a GPS kwa anthu wamba, moti ankatha kuphonya malo ndi mamita 100. Litangosiya kutero, pa 3 Meyi chaka chomwecho bambo wina dzina lake Dave Ulmer anabisa chidebe chakuda m'nkhalango ya ku Oregon, kuti aone ngati anthu angachipeze ndi manambala okha. Anachipeza pasanathe masiku ambiri. Lero timabokosi totere tapitirira 3 miliyoni pa dziko lonse.

Ine zimenezi ndinazimva kwa mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Anabwera kudzadya Khirisimasi, ali ndi kabokosi kake m'chikwama. Ankafuna kukakabisa m'phiri la kuseri kwa mudzi wathu, pamene munthu ukaima umaona phiri la Domwe bwinobwino, ati kuti alendo adziwe kuti kwathu n'kokongola. Ndinavomera kumuperekeza, poti phirilo ndinaliyenda kuyambira ndili mnyamata woweta ng'ombe.

Mvula inali itagwa, udzu utakula. Mnyamatayo anali patsogolo, maso ali pa foni, akuwerenga manambala mokweza. Tisanafike pakati pa phiri ndinamugwira malaya n'kumukokera m'mbuyo. Mphiri inali itagona pakati pa kanjira, khungu lake likufanana ndi masamba ouma. Njoka zina zikamva mgugu zimathawa, koma mphiri imangoti phee, n'chifukwa chake imaluma anthu ambiri amene amaiponda. Tinailambalala, iye thukuta lili kamukamu.

Pamwamba anapeza mng'alu pakati pa miyala iwiri ikuluikulu. "Malume, apa ndiye pabwino, mvula singafikepo," anatero akukwinya mkono wa malaya.

"Iwe, bweza dzanjalo. Tayang'ana pansipo," ndinamuuza.

Pakhomo pa mng'aluwo panali ndowe za mbira, ndipo chapambali, chitakodwa pa muzu, panali chikopa chimene njoka inafundula, chotalika kuposa munthu wamkulu. Pamene pali mbira, njoka zikuluzikulu zodya mbirazo sizikhala patali. Tinachoka osadzutsa mwini nyumba.

Tikupuma pathanthwe ndinamufunsa kuti foniyo imafikitsa munthu pati. Iye anati imakufikitsa pafupi, mwina kutsala mamita asanu, ndipo kuchokera apo umafufuza wekha ndi maso ndi manja. Mawu amenewa ndi amene anandiopsa kuposa mphiri ija. Pamalo a mamita asanu m'phiri mwathu muli ming'alu yoposa khumi. Wina uli ndi njuchi, wina mavu, wina chinkhanira, wina njoka yolavulira ululu m'maso, ija akatswiri anaitcha dzina la dziko lathu la Mozambique. Ndiye mlendo wosadziwa phiri azipisa dzanja mng'alu uliwonse kufuna kabuku ndi pensulo? Makina ali kumwamba kutalitali amadziwa pamene mwala uli, koma sadziwa chimene chagona pansi pake m'mawa umenewo.

Titatsika ndinamutengera kwa anyakwawa, pakuti ngakhale malamulo a masewerawo amati usabise kanthu pamalo popanda chilolezo cha eni ake. Anyakwawa anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa mafunso awiri. Loyamba linali lakuti, mlendo akalumidwa pamwamba paja, adzamunyamula ndani, nanga adzafika nthawi yanji kuchipatala ku Ulongwe, mvula itaononga msewu? Lachiwiri linatitseka pakamwa tonse. Iwo anati, "Ife tinatha zaka tikuphunzitsa ana kuti akaona chinthu chachilendo m'tchire asachigwire. Lero mukufuna aphunzire kuti m'mapanga muli mabokosi a zidole?"

Amene tinabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha mu 1992 tikudziwa chimene anyakwawa ankanena. Tinapeza njira zina zili ndi mabomba okwirira, ndipo mwana aliyense ankauzidwa kuti kachitsulo kapena kabokosi kosadziwika ndi imfa. M'chaka cha 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika kuti anali ndi mabombawo ayeretsedwa, ndipo tinasangalala. Koma chiphunzitso chija sichinathe ntchito, chifukwa zotsalira za nkhondo zimatha kubisala m'nthaka zaka zambiri. Mnyamata wokulira kutauni sakanaziganiza zimenezi. Ndi chifukwa chake akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Anyakwawa sanakane masewerawo. Analamula kuti kabokosiko kakhale koonekera mkati, kalembedwe bwino kunja, kamangiriridwe pa mtengo wa m'mphepete mwa njira ya kudambo pamene palibe miyala, ndipo mudzi wonse uuzidwe kuti n'chiyani. Anatinso wofuna kukwera phiri ayambe wafika pabwalo, apatsidwe munthu womutsogolera, ndipo msitu wa kumanda asauyandikire. Mnyamatayo anavomera, ndipo anati pa intaneti adzalembapo chenjezo la njoka, poti masewerawo ali ndi malo olembapo zoopsa za pamalo.

Tsono mawu anga ali kwa inu anyamata a m'malire muno, kuyambira ku Domwe, Tsangano mpaka ku Zobwe. Tsiku lina mudzaona mlendo ali ndi foni m'manja akufunsa njira ya kuphiri. Mulandireni bwino, ndipo mugwirizane mtengo musananyamuke. Chimene mukumugulitsa si miyendo yanu yokha ayi, koma nzeru zimene foni yake ilibe. Inu mumadziwa kuti mphiri imakonda kugona m'njira, kuti njuchi zimalusa dzuwa likatentha, kuti anyani akamakuwa modabwitsa ndiye kuti aona chilombo, ndiponso kuti chitedze sachikhudza. Muzikhala inu patsogolo, ndodo yaitali ili m'manja, nsapato zili kuphazi. Ndipo ngakhale atakuonjezerani mametikali angati, musapise dzanja pamene diso silikuona. Dzanja limodzi likaola ndi ululu wa mphiri, khasu la chaka chonse lagona.

Ngozi ikachitika, musatemere pabalapo, musayamwe, ndipo musamange mwendo ndi chingwe mothinitsa, chifukwa zimenezi zimangoonjezera vuto. Wolumidwayo mumukhazike mtima pansi, mumuvule mphete kapena chibangili kutupa kusanayambe, asayende yekha, ndipo mumunyamule msanga kupita kuchipatala. Musataye nthawi kusaka njokayo. Ngati yamulavulira m'maso, mutsukeni ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, kenaka muthamangire naye kuchipatala. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu oposa 80,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cholumidwa ndi njoka, ndipo ambiri a iwo ndi alimi ndi ana a kumidzi ngati yathuyi, kumene chipatala chili kutali.

Makolonso tili ndi ntchito. Tiziuza ana kuti lamulo lakale lidakalipo: chinthu chachilendo m'tchire sitigwira, timakauza akuluakulu. Kabokosi kamene mudzi ukukadziwa n'kamasewera, koma kamene palibe akukadziwa tikasiye pomwepo n'kukanena kwa anyakwawa kapena kupolisi.

Pali mwambi wakuti mlendo ndiye amapha njoka. Zoona, mlendo amatha kubwera ndi nzeru zatsopano, ndipo masewerawa akhoza kudzetsa anthu odzagula mbatata, mapichesi ndi nkhuku zathu. Koma m'mapiri athu ano, amene amadziwa kumene njokayo yagona ndi mwini mudzi. Mlendo abwere ndi foni yake, ife timuyendetse, onse tibwerere kumudzi ndi manja awiri.