Timabowo Tinayi Pansi pa Mphuno

Malume anga atabwera kuchokera ku Johannesburg pa tchuthi cha Disembala, aliyense pakhomo analandira kake. Amayi analandira bulangeti, mlongo wanga nsapato, ine bokosi lakatoni lonyenyeka m'makona. Pamwamba pake panali chithunzi cha ndege yankhondo ikuboola mitambo, ndi mawu akuti Hawker Hunter, 1:72. Bwana wachikulire amene malume amamusamalira maluwa ankasamuka, ndipo anataya mabokosi angapo otere asanawatsegule n'komwe.

"Mphwanga, paja unkatithera mawaya a mpanda n'kumapanga magalimoto," anatero malume. "Tione ngati manja aja adakalipo."

Nditatsegula ndinakhumudwa. Munalibe ndege. Munali timafelemu ta pulasitiki yotuwa, tizidutswa tambirimbiri titamatirira pamenepo, pepala la malangizo lodzaza mivi ndi manambala, ndi kapepala kena ka zizindikiro zomata. Galimoto yamawaya umaiganiza wekha, ukalakwitsa umangopinda waya n'kupitiriza. Apa wina ku Ulaya anali ataganiza kale zonse, ine yanga inali kumvera basi.

Bokosilo ndinabwera nalo kuno ku koleji, ndipo kwa masabata asanu ndi limodzi linandidyera nthawi imene anzanga amakhala ali ku mpira. Zida zanga zinali chowengera zikhadabo chodulira tizidutswa, lezala yopalira mothera mwake, kachidutswa ka sandipepa, ndi supaguluu wa pa golosale. Ndinalakwitsa kawiri, ndipo zolakwa zonsezo zinabwera chifukwa cha phuma. Choyamba, ndinamata kagalasi kophimba woyendetsa ndi supaguluu, m'mawa n'kupeza kachita chifunga m'mbali chifukwa cha nthunzi ya guluuyo. Chachiwiri, ndinadumpha malangizo oti muike kanthu kolemera m'mphuno musanatseke thunthu. Nditaiimika pa matayala ake, ndege yanga inakhala pansi ndi mchira, mphuno kuloza kudenga ngati galu wopempha. Ndinatha madzulo athunthu ndikulowetsa timanati tating'ono kudzera pa kabowo ka tayala lakutsogolo. Akuluakulu sananame ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Panthawiyi ndinawerengako pang'ono za ndege yeniyeniyo. Inapangidwa ku Britain motsogozedwa ndi Sydney Camm, ndipo inauluka koyamba mu 1951. Mu 1953 Neville Duke anaulutsa Hunter yopaka utoto wofiira pa liwiro la makilomita 1,171 pa ola, liwiro limene panthawiyo linalembedwa kukhala rekodi yovomerezeka ya dziko lonse. Nkhaniyi inandikomera kwambiri moti ndinalekera pomwepo kuwerenga, ngakhale tsambalo linkapitirira mpaka m'munsi.

Tsoka linagwa pa tsiku la zizindikiro. Timapepalati mumativiika m'madzi ofunda kuti chizindikiro chitsetserekere pa phiko. Zanga zinali zitakhalitsa m'bokosi, ndipo zitangonyowa zinanyenyeka ngati tsamba louma. Zizindikiro zonse za asilikali am'mlengalenga a ku Britain zinathera m'kapu. Ndinakwiya, koma pofufuza pa intaneti ndinapeza kuti pali anthu amene amachita dala zimene ine zinandigwera mwangozi. Amamanga ndege yeniyeni n'kuiveka mitundu ya gulu limene silinakhalepo. Mnzanga wa m'chipinda anati ndiipake zofiira za Bullets. Ine maganizo anga anapita ku Mangochi, kumene tinapita ndi sukulu tili Fomu 3, n'kuona nkhwazi ikutsika pa mtengo, kukhudza madzi kamodzi kokha, n'kunyamuka ndi nsomba.

Ndinatsuka pulasitiki ndi sopo kuti penti agwire, n'kusungunula pentiyo ndi madzi mpaka atapyapyala, chifukwa wokhuthala amakwirira timizere tonse ta pa thunthu. Ndinapaka kanayi, ndikudikira kuti aume nthawi iliyonse. Mphuno, chifuwa ndi mchira zinakhala zoyera, mimba yofiirira, mapiko akuda, ndipo kunsonga kwa mphuno ndinaikako kachikasu ka mlomo. M'mutu mwanga inali ndege ya gulu loyang'anira nyanja, yofunafuna asodzi amene mwera wawasocheretsa. Chinthu chimodzi chokha chinkaononga chifuwa choyeracho, ndicho timabowo tinayi pansi pa mphuno. Ndinatitseka ndi guluu wosakaniza ndi fumbi la choko, n'kupala mpaka pamalopo patasalala.

Nkhwazi yanga inandipatsa malikisi abwino. Pa phunziro loyeserera kuphunzitsa pamaso pa anzathu, ndinaigwiritsa ntchito pofotokoza masamu a sikelo. Mmodzi anayeza ndi lula n'kupeza masentimita 19 ndi pang'ono, tinachulukitsa ndi 72, tinapeza pafupifupi mamita 14. Kenako tinatuluka panja n'kuyeza mamita 14 pa kapinga, ndipo anthu anadabwa kuona kutalika kwa chinthu chimene chinali m'dzanja langa. Aphunzitsi anati ndidzapite nayo kumene ndikachite zoyeserera pa sukulu yeniyeni.

Pa tchuthi chotsatira ndinainyamula m'bokosi la nsapato kupita nayo kumudzi ku Ntcheu, kukaonetsa agogo aamuna. Ndinawapeza pakhonde akusoka mphasa. Ndinaiika m'manja mwawo, n'kuwafunsa kuti ndi mbalame yanji imeneyi. Anaitembenuza, kuiyang'ana chammbali, kuiyang'ananso chapansi, osaseka.

"Mbalame ndaiona, ndi nkhwazi," anatero. "Koma ndege iyi ndikuidziwa. Mifuti yake waiika kuti? Imakhala apa." Chala chawo chinagwera ndendende pamene ndinapala paja.

Ndinkadziwa kuti agogo anagwirapo ntchito ku Rhodesia ngati Amalawi ena ambiri a msinkhu wawo, koma sindinafunsepo kuti kuti kwenikweni, kapena ntchito yanji. Tsikulo anandiuza. Anali khukhi ku Gwelo, kumene lero amati Gweru, m'nyumba ya mzungu wokonza ndege pa bwalo la asilikali la Thornhill. Pa shelefu m'nyumbamo panali kandege konga kanga, kobiriwira ndi kofiirira, ndipo agogo ankakapukuta fumbi m'mawa uliwonse. Zenizenizo zikamanyamuka, makapu ankagwedera m'kabati.

Anasiya kusoka, n'kunena za mnzawo wina wa Chishona amene ankalima maluwa pa nyumba yoyandikana nayo. Mnzawoyo anali ndi mwana wamwamuna wa msinkhu wa sekondale, amene ankabwera kukhitchini kwa agogo kudzapempha makoko a buledi. Mu 1977 mnyamatayo anawoloka malire kupita ku Mozambique pamodzi ndi anzake. Chakumapeto kwa chaka chomwecho, wailesi inalengeza kuti asilikali aphwanya msasa waukulu pafupi ndi Chimoio.

"Ife tinangomva phokoso zikupita, tinamvanso zikubwera," anatero agogo. "Madzulo ake ine ndinaphika, bwana anadya. Mwana uja sanabwerenso. Bambo wake anapitiriza kuthirira maluwa."

Anandibwezera ndege ija ndi manja awiri. "Wapaka bwino, mdzukulu wanga. Manja uli nawo." Sanandidzudzule, ndipo zimenezo n'zimene zinandilemera kwambiri.

Usiku umenewo ndinatsegulanso tsamba lija n'kuwerenga pamene ndinalekera. Timabowo tinayi tija ndi milomo ya mifuti inayi ya mtundu wa ADEN, ya zipolopolo za mamilimita 30. Rhodesia inagula ma Hunter 12 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo ankakhaladi ku Thornhill. Pa 23 Novembala 1977, ena mwa iwo anali m'gulu la ndege zimene zinaphulitsa msasa wa ZANLA ku Chimoio, kumene kunafa anthu ambiri, omenya nkhondo komanso amayi ndi ana. Dziko la Zimbabwe litalandira ufulu mu 1980, ndege zomwezo zinapitiriza kuuluka zitasinthidwa zizindikiro. Choncho sindine ndinayamba kusintha utoto pa Hunter.

Kwa masiku angapo ndinkaganiza zoiphwanya. Kenako ndinaganiza zochotsa nkhwazi yonse n'kuipaka mitundu yake yeniyeni. Zonsezi sindinachite. Ndimaikondabe ndege iyi, mmene mapiko ake anapendekera kumbuyo, mmene thunthu lake limatherera ku mchira, ndipo kunama kungakhale kunena kuti nkhani ya agogo inachotsa kukongola kumeneko. Kulota gulu la ndege zopulumutsa asodzi sikunalakwike. Chimene ndinalakwitsa ndi kutseka timabowo tija kuti malotowo asasokonezeke, monganso ndinatsekera tsamba lija litangoyamba kutsika ku zinthu zosakoma. Ndikuphunzira kuti ndidzaime pamaso pa ana. Ndikadapita nayo monga inalili, akadaphunzira kuchulukitsa ndi 72, n'kubwerera kwawo akuganiza kuti chinthu chotalika mamita 14 chimenechi chinapangidwira kusaka anthu otayika panyanja.

Nditabwerera ku koleji ndinatenga singano, n'kuitenthetsa pa kandulo, n'kuboolanso timabowo tinayi pamalo pake. Kachitatu kanapendekeka pang'ono chifukwa dzanja linanjenjemera. Ndinadonthezamo penti wakuda. Chifuwa cha nkhwazi sichilinso choyera bwinobwino, ndipo mnzanga wa m'chipinda akuti ndaiononga.

Ndinadula kakatoni n'kukamata pa thabwa limene ndegeyo imaimapo. Mzere woyamba ndinalemba kuti: Hawker Hunter, 1:72, mitundu yongopeka. Mzere wachiwiri ndinalemba kuti: Chimoio, 1977. Chaka chamawa ndidzapita nayo m'kalasi, ndipo tikadzatha kuyeza mamita 14 pa bwalo, ndikudziwa kuti padzapezeka mwana wofunsa za mzere wachiwiriwo. Ndapempha agogo kuti tchuthi chikubwerachi andifotokozerenso nkhani yonse pang'onopang'ono, ine ndikulemba.