"Mawa Usabwere"

Ife a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba ndife alimi, koma ambiri tinalawako nchito ya malipiro. Ena tinali alonda. Ena tinasenza mabelo a fodya ndi thonje. Ena tinagwira pa mseu wopita ku Lichinga. Tonse timawadziwa mau awa: "Mawa usabwere." Munthu amangotenga jekete lake, napita kwao osafunsa kanthu.

Kusafunsa kumeneku tinatengera kwa makolo athu. Pa nthawi ya cibalo munthu analibe pakamwa pamaso pa bwana. Cibalo cinathetsedwa pa pepala mu 1961, ufulu unabwera mu 1975, koma mantha sanacoke msanga.

Lamulo la Nchito la 2007 linaika njira imene bwana ayenera kutsata pofuna kucotsa munthu cifukwa ca colakwa. Lamulo latsopano la 2023, limene linayamba kugwira nchito mu 2024, linasunga njira yomweyo. Bwana akadziwa colakwaco, ali ndi masiku 30 oti alembe kalata ya mlandu, imene m'Cipwitikizi amati nota de culpa. M'kalatamo anene colakwa, tsiku lake ndi malo ake. Wanchito ali ndi masiku 15 oti ayankhe ndi kuitana mboni zake. Bungwe la anchito, ngati lilipo, limanenapo maganizo ake. Pambuyo pake bwana amapereka cigamulo, naconso colembedwa. Akalumpha kalata ija, kapena akamana munthu mpata woyankha, kucotsako kulibe mphamvu.

Nkhaniyi inatitengera madzulo awiri m'kalasi mwathu. Mnzathu wina, mlonda wa pa sitolo ina, anapezedwa ali m'tulo usiku. M'mawa anauzidwa pakamwa kuti nchito yatha. Iye mwini sanakane kuti anagona. Acikulire ena anati: "Nanga wogona pa nchito alandire bwanji ndalama? Mwini sitolo walakwa ciani?" Funsoli si lacibwana, ndipo tinalimbana nalo. Koma amai ena anatikumbutsa za pabwalo la mfumu. Ngakhale munthu wagwidwa ndi mbuzi m'manja, mfumu imayamba yamufunsa. Mwina mlonda uja analonda usiku ndi usana womwe, cifukwa mnzake wosinthana naye anadwala. Mwina ai. Bwana amene sanafunse sangadziwe, ndipo ife tikuona kuti lamulo likhoza pomulipitsa.

Bwalo la milandu likapeza kuti munthu anacotsedwa mosatsata lamulo, amabwezedwa pa nchito. Lamulo la 2007 linanenanso kuti alandire malipiro a nthawi imene anakhala pakhomo, kulekeza miyezi 6. Koma ndani afuna kubwerera kwa bwana amene wakangana naye kubwalo? Ngati kubwerera sikutheka, pali cipepeso: malipiro a masiku 45 pa caka ciliconse cimene munthu anagwira.

Tinawerengera pa bolodi. Masiku 45 ndi mwezi ndi theka. Tinene kuti munthu amalandira metikali 6,000 pa mwezi. Mwezi ndi theka ndi 9,000. Ngati anagwira zaka 4, cipepeso cake ndi 36,000. Ena anabwereza samuyi kawiri, osakhulupirira.

Kodandaula kulipo. Kuli ofesi ya oyendera nchito. Kuli COMAL, bungwe loyanjanitsa bwana ndi wanchito. Kuli IPAJ, imene imathandiza osauka pa milandu popanda kulipira. Koma nthawi yodandaula ndi miyezi 6 cabe kucokera tsiku locotsedwa. Miyezi imeneyi imathera kumunda munthu osazindikira, ndiponso ulendo wa ku Lichinga umadya ndalama.

Cimene cimatipweteka kwambiri ndi cidindo ca cala. Ena amapatsidwa pepala, nauzidwa kuti ndi la malipiro otsiriza. Amadinda. Pambuyo pake amamva kuti pepalalo likuti anasiya nchito okha, ndipo wosiya yekha popanda cifukwa alibe cipepeso. Ncifukwa cake mwezi uno tikuphunzira kuwerenga tsiku, dzina ndi mzere woyamba wa kalata, ndi kupempha kuti pepala lina likhale lathu, tipite nalo kunyumba tisanadinde.