Kalata yopita ku Fingoé: buku la mitala latikanganitsa kuno ku Joni

Rosettenville, Johannesburg

Achemwali anga okondedwa,

Kuno tilipo, makina osokera akulirabe, ndipo chisanu cha ku Joni chayamba kuchepa. Mundiperekere moni kwa amayi aang'ono ku Malowera, muwauze kuti mankhwala a miyendo aja ali m'phukusi lomwe likubwera pa basi ya ku Tete.

M'phukusi lomwelo, pansi pa zitenje, mupezamo buku la Chipwitikizi lotchedwa Niketche: Uma História de Poligamia. Poti ndinu aphunzitsi, dzina la mlembi wake, Paulina Chiziane, si lachilendo kwa inu. Mayiyu anabadwira ku Manjacaze m'chigawo cha Gaza mu 1955, ndipo ndiye mkazi woyamba m'dziko lathu kutulutsa buku lalitali la nkhani yopeka, Balada de Amor ao Vento, mu 1990. Niketche inatuluka mu 2002, chaka chotsatira n'kupata mphoto ya José Craveirinha. Mu 2021 mayiyu analandira mphoto ya Camões, yoposa zonse kwa olemba m'Chipwitikizi, yomwe mkazi wa mu Africa anali asanailandirepo. Ndakutumizirani bukuli chifukwa latikanganitsa kwambiri kuno, ndipo mkanganowo unakathera pa nkhani ya kwathu.

Tili ndi gulu lathu la chipereganyu, amayi a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia. Timakumana Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, kunyumba kwa yemwe akulandira ndalama mwezi umenewo. Mtsikana wina wophunzira ndiye anabwera nalo bukuli. Anzathu a ku Malawi anakapeza la Chingerezi, lomwe David Brookshaw anamasulira n'kulitcha The First Wife mu 2016. Osadziwa kuwerenga ankamvetsera, ife tikuwatembenuzira m'Chichewa, ena m'Chishangana.

Nkhani yake ndi ya Rami, mayi wa ku Maputo amene wakhala zaka 20 pabanja ndi Tony, mkulu wa apolisi. Ukwati ndi wa kutchalitchi, mphete ili pachala, koma bambo sagona pakhomo. Tsiku lina mwana wawo aphwanya galasi la galimoto ya mwini, Rami n'kusowa mwamuna womuthandiza kuyankha mlanduwo. Atatsata mapazi a bamboyo apeza kuti kuli Julieta wa ku Inhambane, Luísa wa ku Zambézia, Saly wa ku Cabo Delgado ndi Mauá wa ku Nampula. Poyamba zinali ndewu zokhazokha. Kenako Rami awasonkhanitsa onse, atavala zofanana, n'kukawaimika pamaso pa abale paphwando la zaka 50 za Tony. Mwamuna akakamizika kupereka malowolo kwa aliyense. Rami abwereka akazi anzakewo mpamba, wina ayamba kugulitsa kaunjika, wina atsegula saluni, ndipo pamene ndalama zikulowa m'manja mwawo, mphamvu za Tony zikuphwa.

Oyamba kukana anali mayi wina wamkulu wa Mvano wochokera ku Malawi. Titafika pomwe Rami apita kwa mlangizi wa kumpoto kukaphunzira zosamalira mwamuna, iwo anakoka mpango kuphimba pakamwa, nati izi n'zolaula. Za kutsimba sazilemba pa pepala loti mwana aliyense atole, anatero, ndipo ngakhale dzina la bukulo ndi la gule wa anamwali a ku Zambézia ndi Nampula, wosayenera kuvinidwira pamsika. Achemwali, ine ndinavinidwa, ndipo ndikudziwa chimene ankateteza. Sindinawatsutse pagulu. Koma mumtima ndinkaganiza kuti chinsinsi chomwechi n'chimene chimatseka pakamwa mkazi akamazunzika, poti amauzidwa kuti za m'nyumba sakamba pabwalo, banja ndi kupirira.

Mnzathu wa Chimakua wochokera ku Nampula anakwiya pa chifukwa china. Iye anati Chiziane ndi wa kumwera, ndipo akazi a kumpoto wawaona ndi maso a kumwera, ngati kuti amangodziwa mikanda, kudzola musiro kumaso ndi za kumphasa. Anafunsa kuti amayi ake, omwe akhala akulima chinangwa ndi kutola korosho moyo wawo wonse, ali patsamba liti. Apa ndinagwirizana naye ndithu. Bukuli limagawa dziko pawiri, kumwera kwa akazi ogonja ndi kumpoto kwa akazi odziwa kukopa, ndipo kugawa koteroko kumasiya anthu ambiri panja. Atsikana aang'ono iwo anangoti bukuli latalika, Rami amalira kwambiri, amangoyankhula ndi kalilole kubwereza zomwezomwezo. Ine kubwerezako sikunanditopetse. Chiziane mwini amakana kutchedwa katswiri wa mabuku, amati iye ndi wokamba nthano chabe, ndipo agogo athu akamakamba nthano madzulo ankabwerezanso chomwecho, ife tikuvomera kuti tilitonse.

Chomwe sindidzaiwala ndi tsiku lomwe tinawerenga za maliro. M'bukumo anthu akhulupirira kuti Tony wafa pangozi, pamene iye ali ku Paris ndi mkazi winanso. Akuchimuna abwera, ameta Rami, asesa katundu m'nyumba, n'kumupereka kwa Levy, mbale wa mwamuna wake, kuti achite mwambo wa kutchinga, uja a m'chigwa cha Zambezi amati kupita kufa. Pakati pathu panali mayi wamasiye wa ku Gaza, wogulitsa tomato ndi anyezi pamsewu, amene nthawi zonse amakhala chete pakona. Tsikulo anaika pansi kapu ya tiyi, navula duku, nasisita mutu wake. Anayamba kutchula chimodzichimodzi zomwe alamu ake anatenga mwamuna wake atafera kumigodi: bedi, wailesi, malata omwe anali asanakhomedwe, mbuzi, ngakhale beseni losambitsira mwana. Sanalire. Atamaliza anavalanso duku lija nati, werengani, mayiyu sakunama. Mayi wa Mvano uja anadzuka n'kukakhala pambali pake, ndipo za zolaula sanazitchulenso tsiku limenelo.

Abambo nawo sanatsale. Mwamuna wa mayi yemwe tinasonkhana kwawo ankamvetsera ali kukhomo, kenako analowa nati bukuli likunyoza amuna. Tony si wamitala, anatero, ndi chitsiru chabe. Agogo ake anali ndi akazi atatu, aliyense ndi nyumba yake, munda wake ndi nkhokwe yake, mkazi wamkulu ankadziwa zonse, ndipo panalibe mwana wobisidwa. Bamboyu sanadziwe kuti akunena zomwe bukulo likunena. Chimene Rami akulimbana nacho ndi mitala yobisa, yopanda ankhoswe, yopanda malamulo, yomwe mwamuna amadya zokoma zake n'kuthawa udindo wake. Titalandira ufulu mu 1975, Frelimo inadzudzula mitala, malowolo ndi chinamwali kuti n'zachikale. Mitala sinathe, inangolowa m'tchire. Lamulo la za mabanja la 2004 linati ukwati ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, kaya ndi wa kuboma, wa kutchalitchi kapena wa pachikhalidwe. Zikatero Julieta ndi anzake, omwe alipo ambirimbiri, amakhala opanda dzina pamaso pa boma. Kuno ku South Africa lamulo la 1998 limazindikira mitala ya pachikhalidwe, koma mlendo wopanda mapepala angakadandaule kuti?

Pa akazi asanu a Tony palibe wa ku Tete, ndiye anzanga anandifunsa kuti kwanu ku Marávia mumatani. Ndinawafotokozera za chikamwini. Ndinati kwathu mwamuna ndiye amasamuka, amakamanga nyumba pamudzi wa mkazi, amalima munda wa apongozi. Ana ndi a mbumba ya mayi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Ukwati umayamba ndi ankhoswe mbali zonse ziwiri, ndipo ukavuta ndi omwewo amakhala pansi. Ndinawauza za mkamwini uja wa kuseri kwa dambo, mukumukumbukira, amene atasudzulidwa anamanga mphasa, khasu ndi nkhwangwa panjinga n'kumapita, mkazi n'kutsala ndi ana, nkhokwe ndi dimba. Mayi wa ku Gaza uja anagwira pakamwa. Kwa iye zinali ngati nthano kuti mkazi angatsale m'nyumba, mwamuna n'kukhala wochoka. Sindinawabisire kuti kwathunso ziliko zopweteka: chokolo, amalume okwatitsa ana aang'ono mpaka boma linachita kukhazikitsa lamulo mu 2019 loletsa maukwati a osakwana zaka 18, ndiponso chitengwa chomwe chikuchuluka pamene amuna apeza ndalama za fodya ndi golide.

Tsono apa ndi pamene bukuli linandigwira mtima, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba kalata yaitali chonchi. Mphamvu ya mkazi wa Chichewa ili m'nthaka ya amayi ake ndi mwa abale omuzungulira. Akangowoloka Zambezi ndi Limpopo, zonsezo zimatsala. Kuno kulibe dimba, kulibe malume, kulibe nkhoswe. Chipinda n'cha lendi, ndipo amene akulipira lendi ndiye mwini mawu. Ndaona atsikana a kwathu, a ku Chifunde ndi a ku Angónia, akulowa m'nyumba ya mwamuna popanda wachibale ndi mmodzi yemwe wodziwa, ndipo mwamunayo ali ndi mkazi ndi ana kumudzi. Wa kumudzi akudikira ndalama za feteleza zomwe zikucheperachepera. Wa kuno akuchapa, akuphika, akubereka, osadziwa kuti dzina lake silidziwika kwa apongozi. Tikamawafunsa amunawo amaseka, amati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Mtchona akamwalira timasonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi, ndipo nthawi zambiri ndi pamalirowo pomwe akazi awiriwo amamvana mayina koyamba. Wa kuno sapita n'komwe, poti akawoloka malire sadzatha kubwerera, ndipo ana ake amakula osadziwa mfunda wa bambo awo kapena njira ya kumudzi kwa amayi awo. Rami wa m'buku anali ndi mphete ndi chikalata cha ukwati. Athuwa alibe chilichonse chogwira.

Ndiye ine maganizo anga ndi akuti bukuli n'labwino, ngakhale lili ndi zolakwika zomwe mnzathu wa ku Nampula anazitchula. Ubwino wake ndi wakuti limachotsa diso pa mkazi mnzako n'kuliika pa mwamuna ndi pa chuma. Rami anasiya kumenyana ndi Luísa pamene anaona kuti onse awiri anali ndi njala imodzi, ndipo chomwe chinawamasula ndi mpamba, osati mankhwala a chikondi. Titamaliza kuwerenga, gulu lathu linagwirizana kuti pa ndalama za mwezi uliwonse tizipatulako pang'ono zothandizira mayi wosiyidwa kuti ayambe kageni. Mayi wa Mvano uja, ngakhale mpaka lero amati sangalole mwana wake kuliwerenga, ndiye amasunga thumbalo.

Chimene chikundiwawa n'chakuti amayi athu ambiri a ku Chiputo ndi Chipera sangaliwerenge, poti lili m'Chipwitikizi. Wailesi ya Rádio Moçambique ku Tete imaulutsa m'Chinyanja, ndipo ndikanakonda tsiku lina nkhani ngati iyi itamveka pamenepo madzulo, anthu atabwera kumunda. Pakadali pano muliwerenge ndi aphunzitsi anzanu, ndipo mbali zina mukawafotokozere anankungwi. Ndikufuna kumva ngati iwo adzati Chiziane waulula zosayenera, kapena adzati malangizo a kutsimba awonjezeremo za munda, za ndalama ndi za mapepala.

Pomaliza, za mwana wathu wamkulu uja amene mwati mnyamata wake akufuna abwere naye kuno. Chonde musamulole kunyamuka ankhoswe asanakhale pansi. Amalume akaonane ndi akwawo kwa mnyamatayo, afufuze ngati sanasiye kale mkazi kwina, ndipo ukwatiwo ukalembetsedwe kuboma asanakwere basi. Chikalata chake chobadwira ndi pasipoti azisunga yekha. Dimba la amayi lija musaligulitse, ngakhale wina abwere ndi ndalama zochuluka bwanji, likhale lake. Akafika kuno adzayambe wafikira kwa ine, ndipo ndidzamulowetsa m'gulu lathu.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
wa ku Rosettenville