Matemba Asanu ndi Awiri ndi Nyumba ya Galasi

Sabata ino ndati ndikusimbireni nkhani imene imandichititsabe manyazi ndikaikumbukira. Ndi nkhani ya matemba asanu ndi awiri amene adafera m'manja mwanga, m'nyumba yagalasi imene ndidaikongoletsa ndi mtima wanga wonse.

Kuno ku Domasi nsomba timaidziwa bwino, koma timaidziwa ngati ndiwo. Malo ofufuzira za ulimi wa nsomba amene lero amatchedwa National Aquaculture Centre adayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo kuchokera nthawi imeneyo alimi ambiri a m'chigwa chino akhala akukumba maiwe ndi kuweta makumba ndi chilunguni. Komabe mlimi aliyense amaweta nsomba ali ndi mphika kapena msika m'maganizo. N'chifukwa chake tsiku limene ndidalowa m'nyumba nditanyamula thanki yagalasi, amayi adaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kufunsa kuti, "Mwanawe, ndiye kuti ndiwo tiziyamba taziwonerera tisanazithire mchere?"

Chilakolako chimenechi chidandilowa ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi. Tidapita pabwato kufupi ndi chilumba cha Thumbi, ndipo mwini bwato ataponya tinyenyeswa ta buledi, madzi onse adasanduka mitundumitundu: tinsomba tobiriwira ngati thambo, tachikasu, tamawangamawanga, tamizeremizere. Tinsomba timeneti ndi mbuna, zokhala m'miyala ndi kudya ndere. Kumeneko ndidamva kuti Lake Malawi National Park idakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba zimenezi, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Ndidamvanso za malemu Stuart Grant, amene kwa zaka zambiri ankatumiza nsomba zamoyo kumaiko akunja kuchokera ku Salima, mpaka mtundu wina wa nsomba udatchedwa dzina lake, Aulonocara stuartgranti. Anthu a ku Germany ndi ku America amasunga nsomba za m'nyanja yathu pabalaza, n'kumazipenyerera madzulo akaweruka kuntchito. Ndidadzifunsa kuti nanga ife eni nyanja, bwanji nsomba timangoidziwira m'chiwaya?

Mbuna sindikadazitha. Zimafuna thanki yaikulu ndi madzi ofunda chaka chonse, pamene kuno kumunsi kwa phiri miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri. Ndiponso za m'malo otetezedwa aja sazigwira wamba. Choncho ndidaganiza zoyamba ndi matemba a mumtsinje wathu wa Domasi. Mmisiri wina wodula magalasi mumzinda wa Zomba adandidulira zidutswa zisanu n'kuzimata ndi silikoni. Thankiyo idali masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu, yolowa malita 54. Popeza lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndidazindikira msanga kuti katebulo kanga kowerengerapo sikangapirire, ndipo ndidaika thankiyo pa kabati yolimba, pafupi ndi zenera loyang'ana kumsewu. Zenera limenelo ndidalisankha dala kuti odutsa aziona.

Pokongoletsa sindidaumire. Ndidatola timiyala toyera n'kutitsuka ndi sopo waufa mpaka kuwala. Miyala ikuluikulu itatu ndidaipaka penti wamafuta, umodzi wofiira, iwiri yobiriwira. Ndidabzala maluwa apulasitiki amene adatsala paukwati wa mlongo wanga, ndipo pakati ndidaimika kanyumba kadothi konga ka mfumu. Kenaka ndidadzaza madzi a pampopi. Tsiku lomwelo madzulo mphwanga, mwana wa mlongo wanga wamkulu, wa zaka 10, adafika ndi ndowa muli matemba asanu ndi awiri amene adawakola mumono. Tidawakhuthulira m'thanki muja, tonse n'kuwomba m'manja. Pofuna kuti alendo athu asadandaule njala, tinkawathirira madeya ndi nyenyeswa za nsima katatu patsiku, monga tidaonera kwa alimi a maiwe.

Tsiku lachitatu madzi adasanduka mbuu, ngati otsukira mpunga. Matemba aja adasiya kusambira pansi, onse adakwera pamwamba n'kumangoti kukamwa yasaa, yasaa. Ine poganiza kuti akupempha chakudya, ndidawawonjezera madeya. Tsiku lachinayi tidapeza limodzi litadumpha usiku, lili gone pansi litauma. Tsiku lachisanu m'mawa otsala aja adali atayandama chagada pakati pa maluwa apulasitiki, amene adali owala ngati tsiku loyamba. Mphwanga adaima pamenepo osalira, koma adandifunsa funso limene silidandichokebe m'mutu: "Amalume, kumtsinje kuja anali bwinobwino. Nanga tidawatengeranji?"

Chimene chidandipweteka koposa n'chakuti matemba si nsomba yofa msanga. Nyanja ya Chilwa, kumene mtsinje wa Domasi umakathira, idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu idasanduka dothi long'ambikang'ambika. Nthawi zonsezi matemba ankapulumukira m'maiwe otsala a m'mitsinje monga Domasi ndi Likangala, ndipo mvula ikabwerera ankatsikanso n'kudzaza nyanja. Nsomba yopirira chilala chophwetsa nyanja yathunthu idalephera kupirira masiku asanu m'nyumba mwanga.

Patapita masiku angapo kudabwera bambo wina wachikulire wa m'mudzi mwathu, amene wakhala akuweta nsomba kuyambira ine ndisadabadwe. Adanunkhiza madzi aja, adakanda mwala wofiira ndi chikhadabo, adayang'ana zenera, n'kukhala pansi. "Aphunzitsi," adatero, "nyumbayi mudamangira yani? Nsomba kapena anthu odutsa pamsewu?" Ndidasowa choyankha. Iwo adangoseka pang'ono n'kunena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zimene adandifotokozera bambowo, kuphatikiza ndi zimene ndidawerenga pambuyo pake, zidandionetsa kuti matemba aja ndidawapha m'njira zingapo nthawi imodzi. Madzi a pampopi amathiridwa klorini wopha tizilombo kuti ife timwe bwino, koma klorini yemweyo amawotcha ziwalo zopumira za nsomba, zija zofiira za m'mbali mwa mutu. Sopo ndi penti wamafuta ndi chiphe m'madzi osayenda. Dzuwa la pazenera limatenthetsa madzi masana, ndipo madzi akafunda mpweya wopuma nsomba umachepa. Koma chachikulu chidali chakudya. M'dziwe la mlimi madeya amamwazika m'madzi ochuluka ndipo amasanduka manyowa. M'malita 54 amangowola.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kasungidwe ka nsomba m'galasi. Zonyansa za nsomba ndi chakudya chowola zimatulutsa amoniya, amene amapha nsomba ngakhale atakhala wochepa. Mumtsinje madzi amamukokolola, ndiponso pamiyala ndi mumchenga mumakhala mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite. Nitrite nayenso ndi chiphe, koma gulu lina la mabakiteriya limamusandutsa nitrate, amene sapweteka kwambiri ndipo zomera zimamuyamwa monga zimayamwira feteleza. M'thanki yatsopano mabakiteriya amenewa mulibe, ndipo kuti aswane mokwanira pamatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Ine ndidaika nsomba tsiku loyamba lomwelo, m'nyumba imene idali ndi maluwa ndi kanyumba ka mfumu, koma yopanda antchito ochotsa zonyansa.

Ndidatsala pang'ono kusandutsa thankiyo mosungira mabuku. Amene adandiletsa ndi mphwanga yemwe uja, ponena kuti tikasiya ndiye kuti matemba aja adafera chabe. Choncho tidayambiranso, koma ulendo uno funso lidali lina: kodi temba likakhala kwawo limaona chiyani?

Tidapita kumtsinje kukayang'ana. Pansi pake si poyera ngati mbale ayi. Pali mchenga wotuwa, miyala yoderako yosalala, mizu ya mitengo yolowa m'madzi ndi udzu wa m'mphepete. Tidatenga zomwezo. Mchenga tidautsuka ndi madzi okhaokha mpaka adaleka kuda. Mwala uliwonse tidaudontheza viniga, chifukwa mwala wochita thovu ndi wa laimu ndipo umasintha madzi pang'onopang'ono, wotero tidausiya. Muzu wouma tidauwiritsa, n'kuuviika m'ndowa masabata awiri mpaka udaleka kuyandama ndi kudetsa madzi. Zomera za m'madzi tidazula m'ngalande za kuminda ya mpunga, tidazitsuka bwino n'kuzibzala kumbuyo ndi m'mbali, kutsogolo n'kusiya bwalo losambiramo. Kuseri kwa galasi, kunja kwake, tidamata pepala lakuda. Thanki tidaichotsa pazenera n'kuiika pakona powala koma posafika dzuwa, ndipo pamwamba tidavundikira kuti pasadzapezekenso wodumpha. Ku Blantyre ndidagula kapampu ka mpweya ndi siponji yosefera madzi. Bambo aja adatipatsa miyala iwiri yoterera ya m'dziwe mwawo, n'kutiuza kuti tisaitsuke, poti kuterera kumeneko ndiye mbewu ya tizilombo tabwino tija.

Kenaka tidadikira. Masabata asanu athunthu thanki idakhala yopanda nsomba, ife n'kumangoponyamo kachakudya kochepa kuti mabakiteriya apeze chodya. Anzanga obwera kudzacheza ankasuzumira, n'kufunafuna, kenaka n'kufa nazo nseko: "Aphunzitsi ayamba kuweta madzi!" Masabata amenewo adandivuta kuposa ntchito yonse ya manja, chifukwa padalibe chooneka chimene ndikadaloza. Koma akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tidayamba ndi matemba atatu aang'ono. Patatha masabata awiri tidawonjezera atatu ena, chifukwa temba ndi nsomba yoyenda pagulu ndipo likakhala lokha limachita mantha. Pamenepo ndidaona chinthu chimene sindinkachiyembekezera. M'thanki yoyamba ija, yoyera ndi yopanda pobisala, matemba ankangounjikana pakona ali otumbuluka. M'thanki yachiwiriyi, momwe muli mapanga a miyala ndi mthunzi wa muzu, amatuluka okha n'kumasambira pabwalo, chifukwa akudziwa kuti pothawira pali pafupi. Pamwamba pa mchenga wodera matupi awo amanyezimira ngati siliva, ndipo onse akatembenuka nthawi imodzi zimakhala ngati mphezi yaing'ono. Nditawapatsa pobisala ndi pamene ndidayamba kuwaona bwino. Kukongola kumene ndinkakufuna m'penti kudali m'nsomba zomwezo.

Sikuti zolakwa zidatheratu. Tsiku lina bambo aja adandipatsa kachilunguni kamodzi, ine n'kukaika momwemo. Ndidaiwala kuti chilunguni chimadya masamba, paja alimi amachiponyera masamba a chinangwa ndi a mbatata. Pamlungu umodzi zomera zanga zidatsala ndodo zokhazokha, ndipo mlendoyo tidamubweza kudziwe.

Lero ntchito yake ndi yodziwika. Loweruka lililonse timachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, pafupifupi malita 13, pokoka ndi kapaipi kuchokera pansi pomwe pamadikha zonyansa. Madzi akudawo timathirira mpiru kuseri kwa nyumba. Olowa m'malo mwake amakhala atagona m'ndowa yosavundikira masiku awiri kuti klorini auluke. Siponji timaifinyira m'madzi ochotsedwa m'thanki aja, chifukwa a pampopi angaphe mabakiteriya. Chakudya timapereka kamodzi patsiku, chongokwanira kutha pamphindi ziwiri, ndipo matemba amakondwa koposa tikawapatsa mphutsi za udzudzu zimene timazipeza m'zitini zodikha madzi amvula. Magetsi akazima nthawi yaitali sitiwadyetsa, ndipo mphwanga amatunga madzi a m'thanki ndi kapu n'kumawathiranso kuchokera pamwamba kuti mulowe mpweya. Nthawi yozizira nsomba zimadya pang'ono, ndipo usiku timafunditsa thanki bulangete.

Kwa inu amene mungafune kuyesa, ndili ndi pempho limodzi. Mukagula nsomba kapena zomera zochokera kunja, musadzazitaye mumtsinje mukatopa nazo. Namasupuni kwawo ndi ku South America, ndipo adafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu adakopeka ndi duwa lake; koma tonse tikudziwa mmene wavutitsira mumtsinje wa Shire, kuyambira ku Liwonde mpaka kumalo opangira magetsi ku Nkula. Chimene chatayidwa mumtsinje wa Domasi mawa chili ku Chilwa, kumene mabanja ambirimbiri amadalira matemba, makumba ndi milamba.

Ndikakhala pafupi ndi thanki madzulo, ndimaganizira funso la bambo aja, lakuti nyumbayi ndidamangira yani. Nsomba ilibe mawu. Singakuuze kuti madzi akuwawa, singasamuke, singakadandaule kwa mfumu. Moyo wake wonse uli m'manja mwa amene adaitenga kumtsinje, ndipo zambiri zouchirikiza ndi ntchito zimene mlendo sangazione n'kuyamikira: ndowa yogona masiku awiri, dzanja lodziletsa pothira chakudya, Loweruka losaphonya. Ambiri a inu muli ndi wina wotero amene akudalira inu, kaya ndi mng'ono wanu, agogo odwala, ngakhale mbuzi ya pakhomo. Ndi bwino nthawi zina kudzifunsa ngati zimene tikuwachitirazo n'zothandiza iwo, kapena n'zoti odutsa pamsewu aone.

Funso la mphwanga lija sindidaliyankhebe mokwanira. Chimene tidagwirizana n'chakuti tsiku limene tidzalephere kuwasamala, kapena akadzakula moti malo n'kuchepa, tidzawanyamula m'ndowa yomwe ija kubwerera nawo padziwe pamene adawakola. Pakadali pano onse asanu ndi limodzi ali moyo, ndipo papita miyezi isanu ndi inayi. Amayi, amene ankafunsa za mchere aja, ndi amene tsopano amakokera mpando pafupi ndi galasi akatha kuphika, ndipo dzulo adandidzudzula kuti ndachedwa kusintha madzi.